Foni ya banja imagona m'thumba la ndani?

Anthu ochita kalembera akafika pakhomo n'kufunsa kuti, "Kodi pabanja pano muli ndi foni yolowa pa intaneti?", akangomva kuti ilipo amachonga papepala n'kumapita. Banja lonselo lawerengedwa kuti lili pa intaneti: bambo, mayi, ana, ngakhale agogo amene sanaigwirepo n'komwe. Ine ndikanakhala nawo pa ulendowo ndikanawonjezera funso lina lakuti, foniyo panopa ili kuti? M'midzi yambiri ya padziko lino yankho lake n'limodzi. Yapita ndi abambo. Inanyamuka nawo m'mawa, ibwera nawo madzulo, batire itatsala kadontho.

Nkhani ya intaneti kumudzi tinazolowera kuikamba ngati nkhani ya nsanja. Timati boma ndi makampani amange nsanja zambiri, netiweki ifike, basi zatheka. Kale zimenezi zinali zoona, ndipo madera ena zikadali zoona. Koma bungwe la GSMA, lomwe limasonkhanitsa makampani a mafoni a padziko lonse, linanena mu lipoti lake la 2024 kuti anthu okhala kumene netiweki ya intaneti ya pafoni sifika n'komwe atsala pafupifupi 350 miliyoni, omwe ndi anthu 4 pa 100 alionse. Pomwe anthu amene netiweki imawafika bwinobwino koma saigwiritsa ntchito ndi 3.1 biliyoni, anthu 39 pa 100 alionse. Ndiye kuti kwa anthu ochuluka nsanja ija inamangidwa kale, usiku amaiona ikuthwanima paphiri. Chimene chikuwatchinga chili pansi pompano, ndipo nthawi zambiri chili m'nyumba.

Mukaona ziwerengero za dziko lonse lapansi mukhoza kunena kuti nkhaniyi ndikuikuza. Bungwe la ITU, nthambi ya United Nations yoona za mafoni ndi intaneti, linati mu 2024 amuna 70 pa 100 alionse ankagwiritsa ntchito intaneti, akazi anali 65. Kusiyana kwake kukuoneka kochepa. Chomwe chimachititsa n'chakuti m'chiwerengerochi muli mayiko olemera, kumene amuna ndi akazi anafanana kale. Mukawachotsa amenewo zinthu zimasintha. Lipoti la GSMA la 2024 loona za kusiyana kwa amuna ndi akazi linapeza kuti kum'mwera kwa Asia mwayi woti mkazi agwiritse ntchito intaneti ya pafoni ndi wotsika ndi 31 peresenti poyerekeza ndi mwamuna, ndipo mu Africa kum'mwera kwa chipululu cha Sahara ndi 32 peresenti. Kunena mwachidule, pamene amuna atatu ali pa intaneti, akazi amakhala awiri. Akazi 785 miliyoni m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene anali asanayambe kugwiritsa ntchito intaneti ya pafoni. Onjezeranipo ichi: mwa anthu 2.6 biliyoni amene ITU inati sanali pa intaneti ya mtundu uliwonse mu 2024, anthu 1.8 biliyoni ndi akumudzi. Mayi wakumudzi zonse ziwirizi zimamugwera pamodzi.

Ine zimenezi ndinayamba kuziona pa achemwali anga, ndisanawerenge lipoti lililonse. Iwo anakwatiwa kumudzi, ndipo kwa zaka zambiri nambala imene ndinasunga pa dzina lawo inali ya alamu anga. Ndikaimba, woyankha anali alamuwo.

"Alamu, mwaswera bwanji? Achemwali ali pafupi?"

"Aa, mlamu, ndatalikira pang'ono. Ingondiuzani ine, ndikafika ndikawafotokozera."

Alamu anga si munthu woipa, ndinene zimenezi poyambirira. Samenya, salalata, ndipo akati akafikitsa uthenga amakafikitsadi. Koma pali mauthenga ena amene munthu sungatume mlamu wako. Nthawi ina achemwali ankamva kupweteka m'bere ndipo anali ndi mantha. Ankafuna kundifunsa ine mng'ono wawo ngati zimenezi n'zoopsa, komanso ngati ndingawaperekeze kukaonana ndi adokotala. Anadikira mpaka tsiku limene alamu anabwera msanga, anapempha foni, n'kuimba ali chiimire pakhonde, mwini wake wa foniyo atakhala pampando chapompo. Tinakamba za ana, za mvula, za maliro a kwa aneba. Pomaliza anangoti, "Ukapeza mpata udzabwere, pali kankhani." Kankhaniko ndinadzakamva patapita nthawi, titakhala awiriwiri kuseri kwa nyumba. Mwamwayi sichinali chinthu choopsa. Koma papepala la akalembera aja, banja limeneli linali ndi foni, linali ndi intaneti, ndipo achemwali anga anali m'gulu la olumikizika.

Foni yobwereka ili ndi malire ake amene mwini foni sawaona. Sungafufuzepo za matenda a amayi kapena za kulera, poti zimene wafufuza zimatsala pomwepo. Sungalowe m'gulu la pa WhatsApp la amayi anzako, chifukwa mauthenga akewo azifika kwa wina masana onse. Sungasungepo ndalama yoti ndi yakoyako. Ndipo sungaphunzire, chifukwa kuphunzira foni n'kudinadina, kulakwitsa, kubwerera n'kuyesanso, ndipo zimenezi munthu sachita pa chinthu cha mwini. Akuluakulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Achemwali ankaigwira foni ya alamu ndi manja awiri, akamaliza kuyankhula n'kuibweza osadina ngakhale batani lodulira, kuopa kuti angasokoneze china chake kenako n'kumva kuti "mwandithera bandulo" kapena "mwandifufutira manambala." Mwana wawo wamwamuna, yemwe panthawiyo anali asanamalize n'komwe pulayimale, foni yomweyo ankaitenga mosapempha n'kumaonerapo zigoli za mpira. Palibe ankamufunsa. Mwana wamwamuna akamaseweretsa foni amati ndi wochenjera, adzakhala katswiri. Mlongo wake akaigwira, funso limakhala lakuti akufuna kuyankhula ndi ndani.

Zimenezi si za banja limodzi. UNICEF inanena mu 2023 kuti m'mayiko osauka kwambiri, atsikana ndi amayi achitsikana 90 pa 100 alionse sali pa intaneti, pomwe anyamata amsinkhu womwewo ndi 78. Onse ali pamavuto, inde, koma pakagwa kampata kamodzi pakhomo kamapita kwa mnyamata.

Akafunsidwa amayi eni ake chimene chikuwalepheretsa, zinthu ziwiri ndi zimene zimabwera pamwamba m'kafukufuku wa GSMA chaka ndi chaka: mtengo wa foni, ndi kusadziwa kuwerenga kapena kagwiritsidwe ntchito kake. Pa mtengopo ndiimepo kaye. Pali muyezo umene bungwe la Alliance for Affordable Internet linayambitsa, womwe mu 2018 unavomerezedwanso ndi Broadband Commission ya United Nations, wakuti intaneti ndi yotsika mtengo ngati 1GB sikudya kuposa 2 peresenti ya ndalama zimene munthu amapeza pamwezi. Muyezowu ndi wabwino, koma "munthu" amene akunenedwa pamenepa ndi wongoyerekeza: amatenga chuma cha dziko lonse n'kugawa mofanana kwa aliyense. Mayi wakumudzi sapeza ndalama imeneyo. Ngakhale atagwira ntchito m'munda mofanana ndi mwamuna wake, kapena kuposa, ndalama ya zokolola nthawi zambiri imalowa m'thumba la amene anapita kukagulitsa. Kandalama kamene mayi wagwira m'manja kali kale ndi eni ake: sopo, makope a ana, mankhwala. Kuti atengepo n'kugula bandulo, mtima umamutsutsa asanatsutsidwe n'komwe ndi munthu.

Foninso m'banja ili ndi mzere wake umene imatsata. Yatsopano imagulidwa ya abambo. Yakale ija, ya sikirini yong'aluka, imatsikira kwa mwana wamwamuna wamkulu. Amayi amalandira ya mabatani, yomangidwa ndi mphira kuti batire isagwe, ndipo aliyense amaona kuti zili bwino, "poti iwo amangofuna yoimbira." Lipoti lomwe lija la GSMA likuonetsa zimenezi m'manambala: pa kukhala ndi foni iliyonse akazi anali m'mbuyo ndi 8 peresenti, koma pa foni yamakono kusiyanako kunali 13 peresenti.

Nanga kutchaja? Kumene kulibe magetsi foni imayenera kupita kokatchajitsa, ndipo amene ali ndi njinga komanso nthawi yokakhala kumeneko akudikira ndi abambo. Komweko ndi kumene amuna amaphunzitsana zinthu popanda kalasi: uyu aonetsa mnzake mogulira bandulo yotchipa ya usiku, uyo aonetsa motumizira chithunzi. Mayi nthawi imeneyo ali kumadzi kapena kunkhuni. Bungwe la ILO, loona za ntchito padziko lonse, linawerengera mu 2018 kuti padziko lonse akazi ndi amene amagwira magawo atatu mwa anayi a ntchito zapakhomo zosalipidwa, pafupifupi maola 4 ndi mphindi 25 patsiku, amuna ola limodzi ndi mphindi 23. Akamamaliza zonse n'kukhala pansi, kunja kwada, thupi latopa, foni yazima.

Za kuwerenga aliyense akudziwa: mwa akuluakulu osadziwa kulemba ndi kuwerenga padziko lapansi, pafupifupi awiri mwa atatu alionse ndi akazi, malinga ndi UNESCO. Ndipo wodziwa kuwerenga chiyankhulo chake amakapezanso kuti foniyo ikumuyankhula m'chiyankhulo china.

Koma pali chifukwa china chimene sichituluka bwino m'mafunso a kafukufuku, chifukwa munthu sangachinene mwamuna wake ali pomwepo. Ndi nsanje, ndi kukayikirana. Mkazi akakhala ndi foni yakeyake, ya pasiwedi, anthu amayamba kufunsa kuti akubisa chiyani. Ku India zimenezi zinafika mpaka pokhala lamulo la mudzi: mu 2016 akuluakulu a mudzi wina m'chigawo cha Gujarat analetsa atsikana ndi akazi osakwatiwa kukhala ndi foni, n'kuika chindapusa kwa wopezeka nayo, ati mafoni akuwasokoneza. Midzi inanso m'dzikolo inachitapo zofanana. Anyamata sanaletsedwe, ngati kuti atsikanawo ankaimbirana ndi mitengo. Madera ambiri lamulo lotere silinalembedwe paliponse, koma limagwira ntchito: foni ikalira usiku mayi ayenera kufotokoza, meseji ikalowa iwerengedwe mokweza. Amayi ena amaona kuti mtendere wa m'nyumba ndi wofunika kuposa foniyo, n'kungoisiya okha. Akabwera ofufuza amawauza kuti, "Ine sindiifuna." Ofufuzawo amalemba kuti alibe chidwi.

Sindikunena kuti mantha onse ndi opanda pake. Nambala ya mkazi ikangodziwika, pamabwera anthu oimba usiku osadziwika, ena otumiza zithunzi zolaula, ena akuba onamizira kuti mwapambana mphoto, tumizani kaye kandalama. Mayi amene wangoyamba kumene, wopanda womufunsa, ndi amene amagwa msanga m'manja mwa anthu amenewa. Akaberedwa kamodzi, kunyumba amamuseka kapena kumukalipira, ndipo nkhani ya intaneti yathera pomwepo. Koma mankhwala a zimenezi ndi kumuonetsa munthu motsekera nambala yovutitsa ndi mozindikirira wakuba. Bambo akaberedwa pafoni, ndipo amaberedwa ndithu, palibe amene amati alandidwe foni.

China chimene anthu sachiganizira kawirikawiri ndi simukhadi. Mayiko ambiri tsopano amafuna kuti nambala iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso. World Bank inayerekeza kuti mu 2021 anthu pafupifupi 850 miliyoni padziko lapansi analibe chiphaso chovomerezeka, ndipo m'mayiko osauka akazi ndi amene amasowa chiphaso kwambiri kuposa amuna. Ndiye zimachitika n'zakuti mwamuna, kapena mchimwene, amalembetsa nambalayo m'dzina lake "kuti zisavute." Tsiku limenelo zimaoneka ngati chithandizo. Koma ndalama zonse zolowa pa nambalayo, kwa kampani ya foni, ndi za amene dzina lake lili m'kaundula. Simu ikatayika, woyenera kukaibwezeretsa ndi iyeyo. Banja likatha, kapena mwamuna akamwalira, mayi amapezeka kuti nambala imene makasitomala ake onse amaidziwa si yake.

N'chifukwa chake ine ndikamva wina akunena kuti amayi akumudzi ali ndi mavuto akuluakulu kuposa intaneti, ndimavomera theka lokha. Madzi, chipatala ndi sukulu n'zofunika, palibe akutsutsa. Koma taonani zimene zinachitika ku Kenya. M-Pesa, njira yotumizira ndalama pafoni, inayamba mu 2007, ndipo mu 2016 akatswiri awiri a zachuma, Tavneet Suri ndi William Jack, anasindikiza m'magazini ya Science zotsatira za kafukufuku wa zaka zingapo. Anapeza kuti kutumiza ndi kusunga ndalama pafoni kunathandiza mabanja pafupifupi 194,000 kutuluka mu umphawi wadzaoneni, ndipo phindu lalikulu linaoneka m'mabanja amene mutu wake ndi mayi. Amayi pafupifupi 185,000 anachoka pa kudalira ulimi wokha n'kuyamba mabizinesi. Imeneyo sinali n'komwe intaneti yeniyeni, inali foni ya mabatani. Chimene chinasintha n'chakuti ndalama inayamba kufika m'manja mwa mayi mwachindunji, osadzera m'thumba la munthu wina panjira.

Achemwali anadzakhala ndi foni yawo pambuyo pake, yamakono ndithu ngakhale yotsika mtengo, yolembetsedwa m'dzina lawo. Tinakhala pamphasa ndikuwaonetsa. Kulemba meseji kunawavuta, zilembo n'zazing'ono ndipo chala chozolowera khasu chimadina ziwiri nthawi imodzi. Anafuna kuisiya. Kenako ndinawaonetsa kachizindikiro kojambulira mawu.

"Mugwire apa osasiya, muyankhule, mukamaliza muchotse chala."

"Ndiyankhule chiyani?"

"Chilichonse. Mundilonjere ine."

Anagwira, n'kuyankhula mwaulemu ngati ali pa wailesi, kutchula dzina lawo lonse. Foni yanga italira m'thumba n'kumva mawu awo akutuluka, anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya nsalu. Kuchokera pamenepo sanafunenso mphunzitsi. Mwezi usanathe anali atapeza okha motumizira chithunzi cha masamba a mbewu imene inagwidwa ndi tizilombo kwa mlangizi wa zaulimi, ndipo anali ataphunzitsa amayi anzawo awiri oyandikana nawo. Amene amapanga mapulogalamu a pafoni akanati azikhala pamphasa chonchi n'kuona pamene chala chikukakamira, bwenzi zinthu zambiri za boma, za banki ndi za chipatala zili zoyankhula ndi mawu, osati mafomu odzaza ndi timabokosi.

Njira yoti mayi aphunzitse mayi mnzake si yatsopano. Ku Bangladesh, kuyambira mu 1997, banki ya Grameen inkabwereketsa ndalama kwa amayi akumudzi kuti agule foni, anthu a m'mudzimo n'kumaimbira pa foniyo molipira. M'midzi yambiri foni yoyamba kufika inali m'manja mwa mkazi, ndipo amuna ankachita kupita kwa iye. Ku India, Google ndi Tata Trusts anayambitsa Internet Saathi mu 2015: ankaphunzitsa amayi a m'midzi momwemo, kuwapatsa mafoni, ena ndi njinga zomwe, kuti aziyendera midzi yoyandikana n'kumaphunzitsa anzawo. Anafikira amayi mamiliyoni ambiri. Chimene ndimakonda pa njira imeneyi n'chakuti mphunzitsi amabwera pakhomo, pa nthawi imene mayi ali ndi mpata, ndipo ndi munthu amene mwamuna wa pakhomopo sangamuchitire nsanje. Yerekezani ndi zija timaziona kawirikawiri, zomanga chipinda cha makompyuta pamalo ochitira malonda, n'kuika mnyamata woyang'anira, kutsegula m'mawa kutseka madzulo. Pakapita miyezi yochepa mukapezamo anyamata okhaokha, ndipo lipoti lidzati anthu a m'deralo apindula.

Kungogawa mafoni kwa amayi nakonso sindikukhulupirira kwenikweni, ngati ogawawo sanakhale pansi ndi amuna awo. Foni yoperekedwa pamsonkhano masana, madzulo ikhoza kukhala italowa kale mumzere uja ndanena, kapena kubutsa mkangano umene ogawa aja sadzaumva. Amuna ayenera kukhala nawo pa zokambiranazo, amve kuchokera kwa amuna anzawo amene anaona kuti mkazi akamalandira yekha maoda a malonda ake pafoni, banja lonse ndi limene limadya.

Ndalama zochitira zimenezi sikuti kulibe. Mayiko ambiri ali ndi thumba lapadera limene makampani a mafoni amasonkhamo, loti lithandize kufikitsa mafoni ndi intaneti kumadera ovuta kufikako. Mu 2018 Web Foundation, Alliance for Affordable Internet ndi UN Women anaunika matumba amenewa mu Africa, n'kuyerekeza kuti ndalama zokwana madola 408 miliyoni a ku America zinangokhala osagwiritsidwa ntchito. Mwa mayiko 37 amene anali ndi thumba lotere, atatu okha ndi amene ndondomeko zawo zinkanena mwachindunji za kulumikiza amayi ndi atsikana. Zikagwiritsidwa ntchito, zambiri zimapita ku nsanja, poti nsanja imaoneka, ndipo nduna ikhoza kukaimirira pansi pake n'kudula kansalu. Kuchotsa msonkho pa mafoni otsika mtengo, kulola anthu kugula foni molipira pang'onopang'ono, kulipira amayi ophunzitsa anzawo, kupita ndi kalembera wa ziphaso kumudzi, zonsezi zilibe pojambulitsa chithunzi.

Kwa achemwali nkhani siinathe. Alamu anaizolowera foni ya akazi awo, moti masiku ena bandulo yawo ikatha amabwereka yomweyo, ndipo achemwali amawapatsa akumwetulira chamumtima. Mkangano umene ulipo tsopano ndi wa mwana wawo wamkazi, yemwe ali ku sekondale. Aphunzitsi ake amatumiza manotsi ndi mapepala a mayeso akale pa gulu la WhatsApp, ndipo iye amawaona mochedwa, pa foni ya amayi ake, akaweruka. Mchimwene wake ali ndi yake kale, ija ya sikirini yong'aluka. Alamu akuti mtsikana adikire amalize sukulu, foni ingamuonongere tsogolo. Achemwali akuti ngati ndi choncho, mnyamatayonso abweze yake mpaka adzamalize. Anandiuza zimenezi pa uthenga wa mawu wa mphindi zinayi, ndipo anamaliza ndi kundifunsa ngati foni yanga yakale ikugwirabe ntchito.